Mtengo wa Ngodya Zinayi

Lachitatu ku Bury St Edmunds,
kamvula kosagwa kosaleka, kongonyowetsa makola a majekete.
Mayi Pettitt alowa ndi chitini cha mabisiketi,
achitula patebulo langa ngati khanda logona.

M'katimo makadi makumi anayi ndi atatu:
anyamata a ku Amereka atanyamula zibonga pamapewa,
zipewa zopendekeka, mano oyera
a anthu oti ambiri anatsikira kale kulichete.
Akuti malemu Cyril, akadali wa kabudula,
anawalandira kwa msilikali wa ndege pampanda wa ku Mildenhall
posinthana ndi mazira asanu ndi limodzi.
Masewerawo sanawaonerepo mpaka imfa.
Ankangoloweza mayina.

Ine ntchito yanga ndi diso.
Ndiyatsa nyale, ndikokera pafupi galasi lokulitsa.
Ngodya zinayi: zikadali zakuthwa,
kapena zaperepeseka ngati sopo wakumapeto kwa mwezi?
Chithunzi chili pakati,
kapena makina anachikankhira kumanzere?
Ndinunkhiza, poti chinyezi sichinama.
Kenako nditsegula kaundula,
osati wa mitengo imene ogulitsa amalota,
koma imene nyundo inagamula anthu atatulutsadi ndalama.

Ku Limbe, mayi anga pogulitsa kaunjika
ankayamba ayang'ana nsapato za wogula, mtengo pambuyo.
Kuno sandilola kuyang'ana nsapato.
Komabe ndaziona. Zalowa madzi.

Ili mapaundi atatu. Ili anayi.
Ili khofi mmodzi, popanda chenje.
Akugwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi.

Pansi penipeni, mtima wanga uti phaa.
Ili ndimangolionera m'mabuku.
Likanakhala losalala
bwenzi tikunena mapaundi zikwi zisanu ndi zinayi.
Koma mzere wadutsa pachifuwa pa mnyamatayo,
ngodya zonse zabuntha,
kumbuyo kuli thukuta lakalekale lofiirira.

Limenelo, akutero, ndi limene ankalikonda.
Linkakhala m'kachikwama ka m'thumba lakumbuyo,
zaka makumi atatu ku fakitale ya shuga,
linali naye tsiku la ukwati wathu,
linali naye kuchipatala.

Mazana asanu ndi limodzi, ndikutero.
Mwina asanu ndi awiri, ogula awiri akakanganirana.

Aseka kamodzi, mouma.
Ndiye kuti analidya yekha, pang'onopang'ono?
Ndisowa choyankha.
Msika umalipira chimene munthu sanachikhudze,
chotsekeredwa mumdima, chosakondedwa ndi chala.
Zimenezi sizilembedwa pafomu.
Pafomu pali kabokosi, ndilembamo nambala: ziwiri pa khumi.

Ndinkayesa alibweza m'chitini.
Ayi. Alikankhira kwa ine ndi chikhadabo.
Gulitsani. Makina otenthetsa nyumba anafa mu Okutobala,
ndipo Cyril ankadana ndi kuzizira.

Kenako afufuza mumulu wa otchipa aja,
atola limodzi la mapaundi atatu,
mnyamata amene kaundula sakumukumbuka n'komwe,
wa makutu otambalala ngati zitseko za basi.
Uyu ndiye ndikupita naye.
Taonani makutuwo. Ndi iye ndithu.

Alilowetsa m'thumba la jekete lonyowa,
popanda pulasitiki, popanda envulopu,
ndipo ndikumva m'mano mwanga ngodya yoyamba ikupindika.