Mizere Inayi Basi

Akuluakulu a timu ya Osula andituma
ndilembe kabuku ka osewera akale,
poti bwalo lathu la besibo kuno ku Brackton, Ohio,
aligumula chisanu chikangotha.
Akuti munthu aliyense mizere inayi basi,
pepala lakwera mtengo.
Ine Loretta Szymanski, zaka makumi atatu ndi zisanu
ndakhala m'kachipinda kapamwamba, pensulo kukhutu,
kulemba mpira uliwonse woponyedwa pansipo.

Orval Pietrzak. Woponya, mkono wamanzere.
1974 mpaka 1981. Anapambana 63, anagonja 58.
Mzere wotsiriza ndimafuna kuikapo chigongono chake,
chija ankachiviika mu ndowa ya madzi oundana
akutukwana m'Chipolishi cha bambo ake.
Lero dzanja limenelo silifika n'kumutu komwe,
amapesa tsitsi ndi lamanja.
Amagulitsa matayala pamsewu wopita ku Akron.
Malo atha ndisanafike pa ndowa.

Lucius Tarrant, wowakha,
zaka khumi ndi chimodzi ali chonjuta kumbuyo kwa omenya,
zala zonse zokhota, china kuloza uku china uko.
Ku ligi yaikulu anamuitana kamodzi.
Anakakhala masiku asanu ndi anayi pabenchi,
ndodo osaigwira ngakhale tsiku limodzi.
Anabwerako ndi tisopo ta kuhotela thumba lonse
n'kugawira aliyense, mpaka wosesa.
Kanga kakadali m'dilowa, kosatsegula.
Buku la ziwerengero limati: sanasewere.

Efraín Quiñones anatsika basi kuchokera kubwalo la ndege
mu Epulo, wopanda jekete, mano akugundana,
mwana wa ku Ponce wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Anaba mabesi 41 chaka chimodzi,
kuba kokhako kumene anthu amakuimirira n'kuomba m'manja.
Chaka chotsatira, mu Julaye, pabesi yachiwiri,
bondo linalira ngati nthambi youma.
Ndinalimva ndili pamwamba, zenera lotseka.
M'kaundula ndinangolemba kuti watuluka,
chifukwa bokosi lake ndi laling'ono ngati chikhadabo.
Kumene ali lero sindikudziwa.
Kalata yanga inabwerera.

Dzulo foni inalira ndikudya.
Mayi wina, mawu onjenjemera:
bambo anga, Dale Hovland, alimo m'kabukumo?
Tinawaika m'manda mu Novembala.
Ndinati dikirani, n'kutsikira kuchipinda chapansi
kumene makaundula amanunkha chinyontho.
Ndinamupeza. 1983, Ogasiti 30.
Masewero amodzi. Anaima ndi ndodo kamodzi kokha.
Mipira itatu, yonse anaiphonya, n'kubwerera kukakhala.
Mawa lake anamutsitsa.

Enawa mizere inayi yawachepera,
uyu yamukulira ngati malaya obwereka.
Ndakhala nayo usiku wonse.
M'mphepete mwa tsambalo ndapeza zolemba zanga zomwe:
mvula yowaza, anthu 612, mphepo yochokera kumanzere.
Nkhope yake sindikuikumbukira, ndisaname.
Koma pa mpira wachiwiri ndinaikapo kadontho,
ndipo kadontho ndinkaika ndodo ikaukhudza mpira.
Ndiye kuti anaukhudza, unangopita chammbali.
Ndakonza zimene ndinamuuza mwana wake pafoni.

Dale Hovland. Nambala 52.
Anasewera pa 30 Ogasiti 1983, kukugwa mvula yowaza.
Anakumana ndi woponya waliwiro kuposa onse chaka chimenecho
ndipo mpira wachiwiri anaukhudza.

Za liwirozo ndaonjezako pang'ono.
Woponyayo anali wachitatu kapena wachinayi,
koma amene angandigwire bodza onse anagona.

Mayina atsala 208.
Chigalimoto chogumulira chafika kale,
achiimika kuseri kwa mpanda wakumanzere
pamene Tarrant ankasutira fodya mobisa.
Mayi uja waimbanso m'mawa uno.
Akuti ndisaiwale, Hovland ndi v, osati f,
panyuzipepala ya nthawi ija analakwitsa.