Kamalo Kochepera Chikhatho

Njingayi inachokera ku Joni pamwamba pa lole,
yofiira, yowerama ngati ikununkhiza msewu,
koma matayala ake dazi lokhalokha.
Achimwene potumiza anangolemba kuti:
usaikwere usanaiveke nsapato.

Ndiye ndili pano pa Dedza, Lachinayi m'mamawa,
nkhungu isanachoke paphiri,
zala zauma m'thumba
momwe muli ndalama za kachewere wa minda iwiri.

A Chadzunda atulutsa atatu m'kontena yawo,
awatsamiritsa pakhoma ngati anyamata odzafunsira mbeta.

Loyamba ndi lofewa. Ndikanikiza chikhadabo, chilowa.
"Ili limakakamira msewu ngati nkhupakupa pakhutu la galu,
koma phula limalidya.
Likaona Khirisimasi yachiwiri udzanditche wabodza."

Lachiwiri ndi lolimba ngati chidendene cha mlimi.
Lidzakalamba nane, atero,
kungoti m'mawa wozizira ngati uno limachedwa kudzuka,
ndipo kukagwa mawawa silidziwa mbale.

Lachitatu linadutsa malire usiku, mtengo wake theka.
Mizere ikadali yakuya, alipaka polishi, likunyezimira.
Mtima wanga wafika kale pamenepo.
A Chadzunda sanena kanthu,
angolitembenuza n'kuloza tinambala tinayi m'mbali mwake,
sabata ndi chaka chimene linaumbidwa.
Ndiwerengera pazala.
Ndi lalikulu kuposa Tiyesenji wanga
amene ali Sitandade 3.
Alipinda pabondo, timing'alu tiyasamula.

Akabaza atizungulira, aliyense ndi nzeru zake.
"Tengani lonenepa, bwana, kumbuyoku kuzioneka!"
A Chadzunda awaingitsa ndi sipanala:
"Limu ili ndi saizi yake ngati phazi.
Mumavala gambutsi ya agogo anu inu?"

Kenaka atembenukira kwa ine. "Umayenda kuti?"
Nditi Lizulu, Ntcheu, mwina Lilongwe pakutha pa mwezi.
"Usandinamize. Njinga yotere saikwerera tomato."
Ndiseka, ndiulula: Khwekhwerere,
komwe msewu umadzipinda ngati matumbo a mbuzi
potsetserekera ku Golomoti,
kona kugwirana ndi kona,
mbali iyi thanthwe, mbali inayo mphepo yokha.

Agwira dzanja langa, alitambasula.
"Njinga yonseyi, iweyo, ngongole zako, mwana uja,
zonse zimaima pa kamalo kochepera apa.
Kamodzi kutsogolo, kamodzi kumbuyo.
Ukagoneka njinga pakona
kamasamukira m'mphepete, komwe sunayang'anepo."

Pobwerera m'kontena akukoka mwendo wamanzere.
Sindifunsa.
Iwonso safotokoza.

Ndiyesa kuchenjera:
lofewa kutsogolo, lotchipa lija kumbuyo, bwanji?
Apukusa mutu asanatuluke n'komwe.
"Ng'ombe za pangolo imodzi zizidziwana."

Ndiwerenga ndalama kawiri,
ngati kuti kachiwiriko ziswana.
Munda wa kudambo wapita ndi lakumbuyo,
wa kuseri kwa tchalitchi wapita ndi lakutsogolo.
Chenje chake lita imodzi ya petulo ndi chimanga chootcha.

Akale aja watenga mnyamata wosoka nkhwayira,
akuti dazi kapena ayi, munthu wapansi saterereka.

A Chadzunda apopa, ayeza ndi geji, apopanso pang'ono,
aonetsetsa kuti kamuvi kaloza komwe gudumu lizungulire.
"Atsopano amaterera ngati mlamba.
Masiku oyambawa yenda ngati wanyamula mazira a eni ake.
Mphepo uziyeza m'mawa, asanatenthe."

Ndiye ndikubwerera kwathu ku Bembeke pa giya yachitatu,
injini ikung'ung'udza pansi pa chifuwa changa,
tiubweya ta mphira tikadali njo m'mphepete.
Pa chitunda cha pasukulu
wakabaza wina wandipitirira,
matumba atatu a kabichi ndi mayi pamwamba,
andiimbira hutala, mayiyo andibayibitsa.

Ndawasiya apite.
Khwekhwerere sasamuka.