Laibulale Itatsekedwa

Faifi koloko ikakwana ndimatseka mazenera,
ndimakhoma loko, makiyi m'chikwama.
Mabuku amatsala mumdima ndi fumbi lawo,
koma laibulale imanditsata kunyumba,
ikunjenjemera m'thumba la juzi.

Kuno ku Ulongwe chisanu cha Juni chimaluma zala.
Ndatsegula Wotsapu ndili m'bulangete:

"Mayi Firimina, pepani ndi usiku.
Ndine Gaudensiyo, chaka chachitatu, zaulimi.
Ndili ku Domwe, ndakwera pachulu,
netiweki ikupezeka pano pokha.
Buku lobiriwira lija, lothothoka chikuto,
lonena za chiwawu cha kachewere,
dzina ndaiwala."

Dzina waiwala!
Obiriwira ndili nawo shelefu yathunthu.

Mnyamatayu ndimamudziwa nsapato zokha.
Zaka zitatu amalowa chozyolika,
kusayina m'kaundula, kukakhala pakona.
Funso lililonse limafera pakhosi
akangoona magalasi angawa.
Lero mtunda wamumasula lilime.

M'mawa ndalipeza kuseri kwa mabuku a nthaka,
pomwe wina analibisa nthawi ya mayeso.
Ndajambula masamba asanu ndi awiri,
chala changa chaonekera m'mphepete mwa lachitatu.
Bukulo likuyankhula Chipwitikizi,
ine pansi pake ndalemba m'Chichewa:
yang'ana kunsi kwa tsamba, m'mamawa mame asanaume.

Kachizindikiro kamodzi, kotuwa.
Masana, kamodzibe.
Ndadinda mabuku, ndakalipira ana aphokoso,
ndasuzumiranso.
Dzuwa litapendeka, tiwiri, tabuluu.
Wakweranso pachulu.

Mwezi ukatha abwana amafunsa:
alowa angati muno?
Kaundula amati makumi anayi ndi mmodzi.
Mulibe mzere wa oima pachulu,
wa Zeferina woyamwitsa ku Tsangano
yemwe amafunsa kalembedwe ka maumboni tambala woyamba asanalire,
mulibenso wa mametikali anga
omwe amathera mayunitsi.

Lachisanu kwabwera chithunzi:
tsamba la kachewere pachikhatho chong'aluka,
osati cha Gaudensiyo, cha munthu wamkulu.
Kenako mawu ojambula, mphepo ikuwomba,
koyamba kumva liwu lake:

"Ndi chomwecho, Mayi, tapopera dzulo.
Lipoti ndamaliza.
Bambo akuti zikomo,
komanso akuti,
poti bukulo likudziwa zambiri,
za afuko likuti chiyani?"

Ndadzuka, ndayamba kufufuza makiyi.