Nsangalabwi ya ku Mchengautuwa

Lachiwiri, chifunga chitakuta Luwinga,
a Msukwa anatulutsa mwala m'kabokosi ka thonje
ngati dzira la mbalame yosowa.
Wotuwa, woterera ngati sopo wotsalira,
kunja utavala khungu loyera.
Uwu ndi fulinti, anatero, ngwakutsidya kwa nyanja zamchere,
unakhwima mwakachetechete m'matope a choko
kuchokera ku zotsalira za tizamoyo ta pansi pa madzi.
Kuno kwathu musataye nthawi kuufuna.

Tinapatsirana. Ine ndinaununkhiza.

M'kope ndinalemba zizindikiro zake:
mpeni suukanda,
iwo umakanda galasi,
ukasweka umasiya dzenje losalala ngati kunsi kwa botolo.

Madzulo kabaza ananditula ku Mchengautuwa
pomwe amayi, NyaHarawa, amakhala pa thumba la simenti,
miyendo tambalale, hamala m'manja,
kuphwanya phiri kuti likwane mu wilibala.
Fizi yanga imachokera pamenepo,
wilibala ndi wilibala.

Ndinawawerengera za m'kope.
Sanadzutse mutu.
Anatola woyera pamulu, naugogoda:
Tamvera. Nsangalabwi imalira mouma.
Wamizeremizerewu umalira ngati wagwidwa chimfine,
ngwomvera, umang'ambika potsata mizere yake.
Koma uwu ngwamwano. Umalavula.
Nandilozera chipsera pansi pa diso lamanzere
chomwe ndakula ndikuchiona
osafunsa.

Usiku magetsi anathima.
Machesi anali atamwa chinyezi cha mvula yosatha ya kuno,
mitu yake kumangonyenyeka pa bokosi.
Amayi anapapasa pansi pa bedi,
natulutsa tupa wa malemu bambo
ndi kansanza kowauka m'chitini cha polishi.
Kamodzi.
Kawiri.
Mumdima ndinkangomva chitsulo chikukangana ndi mwala,
mpaka mbaliwali imodzi, yaing'ono ngati nsabwe,
inagwera pansanza nkukana kufa.
Anaiuzira pang'onopang'ono
monga ankauzira bala langa ndikagwa.

M'mawa ndinafunsa a Msukwa.
Anati miyala iwiriyi ndi pachibale,
magazi ake ndi amodzi, silika,
kungoti wina analeredwa ndi nyanja,
wina anaumira m'ming'alu ya thanthwe lotentha.

Pa mayeso ndidzalemba kuti fulinti kuno kulibe
ndipo ndidzakhoza.
Koma m'thumba la jekete ndasunga kachibanthu koyera.
Kandiboolera kale nsalu,
dzulo kandicheka chala
ndikufufuza ndalama ya kabaza.