Choko ndi Sizasi

Tiyese, ndinakuona dzulo pa depoti
utakumbatira kope lachikuto chofiira,
lomwe lija unagula mu Malichi,
tsamba loyamba likadali mbee! ngati nsanda.
Akuti ukudikira chiganizo choyamba.
Khala pa benchipo, sendeza mabataniwo,
ndiyankhula ndikuponda makina
poti diresi ili n'la ukwati wa Loweruka.

Ine sindidula nsalu munthu ndisanamuyeze.
Nawenso yeza wako.
Ukuti ndi mayi wogulitsa mapichesi pamsewu wokwera phiri.
Chabwino. Ngongole ali nayo kwa yani?
Akamaseka amabisa dzino liti?
Akufuna chiyani, choti mpaka angabe
ngakhale ali wa Mvano?
Ngati sukudziwa, mutsatire pa kabaza mpaka ku Chinamwali
ukamve mmene amanenerera mtengo wa tomato.

Ukatero tenga choko.
Jambula pang'ono chabe: apa khosi, apa chiuno, apo mpendero.
Mitu khumi ndi iwiri ikwana kuseri kwa kalendala yakale.
Choko chimafufutika ndi chala chonyowa,
n'chifukwa chake timachikonda.
Mathero uwadziwe monga tidziwira
kuti Likangala akathira m'Chilwa,
koma za mokhotakhota usiyire madzi.

Langa loyamba linanditengera zaka zinayi,
pakhonde pompano makasitomala akachepa,
ndi usiku ku Sadzi, magetsi atathima, kandulo pachitini.
Chaka chathunthu ndinathera pa mutu woyamba,
kupeta kolala ya malaya opanda thupi.
Usatero iwe.
Lumikiza msangamsanga, misoko ikuluikulu, yonyansa.
Mkono wina ukatalika, usiye.
Dzina la mlamu ukaliiwala lemba kuti uje, pitirira.
Masamba awiri patsiku;
tsiku la chimfine, limodzi.

Ndiye kunabwera mvula ija ya masiku atatu osakata,
khoma lakuchipinda n'kugwa chagada.
Makope asanu ndi awiri ndinawatola m'matope,
inki itayenderera ngati buluu wochapira.
Ndinawalira kuposa malata.
Patapita miyezi ndinayambanso, za m'mutu,
ndipo tamvera izi:
amalume aja a masamba makumi anayi sanabwerere,
maloto onse atatu sanabwerere,
ndipo palibe anafunsa za iwo, ngakhale ine.
Chinatsala n'chimene madzi analephera kunyamula:
mtsikana, kiyi wa sitolo, bodza limodzi.

Sindikuti uzipempherera chigumula.
Ndikuti ukafika pa tsamba lomaliza
litsekere m'sutikesi mwezi wathunthu,
kenako ubwere ndi sizasi, wopanda chisoni ngati mvula.

Mayi ako usawawerengetse, adzati n'labwino.
Che Bwanali a pa fotokope nawonso ayi,
adzati iwo akanalemba bwino koposa.
Peza munthu wotopa, woweruka kuntchito,
umuwerengere mokweza,
diso lako lili pakamwa pake.
Pomwe wayasamula, pamenepo msoko wakhota.
Usakangane naye. Phwasula.

Ukufunsa ngati linasindikizidwa?
Ayi.
Lili apa pansi pa zigamba, kulemba kwachitatu tsopano,
mbewa inalawako mutu wachisanu.
Koma lili ndi mikono yonse iwiri, limavalika,
ndipo ine ndikudziwa chimene mtsikana uja anachita ndi kiyi,
chimene sindinkachidziwa pamene ndinkasilira tsamba loyera
ngati iwe.

Taona nkhungu yayamba kutsetsereka phiri,
ulusi woyera wandithera.
Tenga ndalamayi ukandigulire kusitolo ya pakona,
nambala yake ili pa kachigamba aka.
Pobwera undiuze chimene mayi wako wa mapichesi wanena
atapeza kuti dengu lake lasowa.
Usandiuze pakamwa.
Bolopeni nayi, imadontha pang'ono.
Lemba moipa, lemba poyenda,
ine ndili pompano mpaka msika utsekedwe.