Filiji Ikuthamanga

Anati bwerani mutavala chilichonse
kupatula nkhope yanu ya masiku onse.
Ine ndinakapempha katoni ya filiji kwa Che Bwanali,
n'kuboola pamutu ndi m'mikono,
n'kulemba pachifuwa ndi khala: ZOZIZIRA ZILIPO.

Makilomita makumi awiri ndi imodzi.
Mu Salima. Mu Okutobala.
Nzeru zanga zinali patchuthi.

Wezulo italira tinabalalika ngati ngumbi.
Kutsogolo kwanga udzudzu waukulu,
namwino Nasibeko uja,
mlomo wa paipi uli gwedegwede.
Pambali Likisho wa pabutchala, mu diresi la ukwati,
ndevu zikusuzumira pansi pa velo,
atakwinya nsalu m'maondo ngati akuwoloka Linthipe.

A kabaza anaimika njinga, mabelu ngiriri,
"Filiji, tigaireko za ayisi!"
Chonsecho m'katimo ndinali kubwata,
thukuta likudzaza masokosi.

Titadumpha njanji katoni inayamba kufewa.
Chitseko chinathothoka pa khumi ndi zisanu,
kamtsikana kena kanachitola,
kundithamangira nacho, kakufuula,
"Ankolo tsekani, zisasa!"

Mkwatibwi anakhala pansi pa mtengo wa nimu
kuwerenga matuza.
Udzudzu unazimirira kutsogolo
osandiluma n'komwe.

Nambala yomwe ndinafikira musandifunse.
Pachifuwa panangotsala ZILIPO,
ndipo zinalipodi, mpweya pang'ono, mawondo awiri.

Mayi wogawa madzi anandiyang'ana
kuyambira kumutu mpaka kumapazi,
n'kundipatsa kapu yofunda.
"Bwanji, magetsi anathima?"

Ndinaseka mpaka katumba kukokana.