Zingwe Ziwiri

Bambo anga sanapulumutsepo munthu.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa sitima ya nyanja yamchere,
Beira, Mombasa, Bombe, n'kubwereranso,
ntchito yawo inali zingwe za maboti opulumukirapo,
maboti oyera olendewera m'mbali ngati zisa za atchete,
odikira tsiku limene aliyense ankapempha kuti lisafike.
Ndipo silinafike.

M'mawa uliwonse ankayenda ndi chitini cha girisi,
kudyetsa magudumu,
kupotokola chingwe kuti aone m'mimba mwake,
poti mchere umadya ngati nankafumbwe:
kunja kuli see, m'kati ufa wokhawokha.
Azungu ankadutsa ndi makapu a tiyi
osadziwa kuti tulo tawo tapachikidwa
pa zala za munthu wa ku Linga.

Anabwerako ndi sutikesi yamalata,
chifuwa chosamva mankhwala
ndi chisonga chachitsulo cholukira zingwe.
Amuna a anzawo anabwera ndi njinga kuchokera ku Joni.
Mayi sanaiwale zimenezo.

Loweruka ankatiimika pansi pa mtengo wa mango, ine ndi Oswadi,
beseni lodzaza madzi atalimanga uku ndi uku,
aliyense chingwe chake panthambi.
"Tsitsani."
Oswadi waphuma, ine wamantha,
beseni pendeke, madzi khuthu!
"Mwapha anthu makumi anayi," ankatero osakweza mawu.
"Katungeni ena.
Boti silitsika ndi mphamvu.
Usayang'ane madzi, yang'ana dzanja la mnzako."

Tinakula, tinasiya kuyang'anana.
Dimba la mpunga ku Kaombe,
malire amene anasuntha usiku ndi mapazi atatu,
mawu amene ndinalavula pamaso pa mkazi wake.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndikulambalala msika
ndikaona njinga yake itatsamira pa golosale.

Bambo sanaweruze.
Ankangokhala pakhonde kupala khonje,
kulipota pantchafu yopanda mnofu,
kulavulira m'manja, kupotanso,
zingwe ziwiri, kutalika kofanana.
Odutsa ankaseka: ng'ombe zake zili kuti, a Barinaba?

Lachinayi lapitali tinazipeza kunsi kwa bedi
zitakulungidwa bwino, nsonga zomangidwa ndi ulusi waphula,
pamwamba pake kapepala ka pensulo:
Anditsitse ana anga.
Adzukulu anang'ung'udza kuti si mwambo wake,
mpaka wamkulu wawo anavula chipewa,
nati mawu a malemu salumphidwa.

Ine kumutu, Oswadi kumiyendo,
tsidya linalo adzukulu awiri atagwira nsonga zotsala.
Dzuwa lili paliwombo, nyimbo ya amayi ikupita yokha.
Bokosi silinali lolemera,
matenda anali atatengako kale gawo lawo,
komabe khonje linandiluma.
Ndinayang'ana m'dzenje.
Kumiyendo kunatsogola,
ndipo m'katimo china chake chinakhwekhwereka pang'ono,
phokoso limene ndidzafa nalo.

Ndiye ndinadzutsa maso.
Dzanja lake lakalamba, sindinkadziwa.
Chipsera cha chikwakwa chija chidakalipo pachala chachikulu,
misempha itatupa, chingwe chitaima.
Ankandidikira.
Oswadi, amene sanadikirepo ngakhale chinangwa kuti chipse,
ankandidikira.

Chikhatho chimodzi iye,
chikhatho chimodzi ine,
chimodzi iye,
mpaka zingwe zinafooka zokha m'manja.
Silinatayike ngakhale dontho.

Sitinalankhulane.
Dimba lidakali pomwepo ndi mlandu wake,
mpunga ukucha mbali zonse ziwiri za malire.
Aliyense anasolola chingwe chake, kusasa dothi,
n'kuchikulunga pachigongono motsata dzuwa
monga tinaphunzitsidwira.
Changa chili pamsomali pakhonde.

Dzulo mwana wake wamkazi anaima pachipata,
osalowa, akukanda mwendo ndi phazi linalo.
Akuti chingwe cha pachitsime chawo chayamba kunyenyeka,
ndiye bambo ake amati
kaya chisonga chija chili kuno.